Mbale Yaikulu Ikhale Pansi

Munthu uyu wakalamba akusoka nsapato za anzake, iye osatherapo chidendene cha nsapato ngakhale imodzi. Miyendo yake inafota ali wamng'ono, atadwala matenda otentha thupi amene anamusiya wamoyo koma osaimanso. Mayi ake anamubereka kumbuyo mpaka mapazi ake anayamba kukhukhuluza pansi. Pamenepo anamutsitsa, ndipo iye anaphunzira kuyenda ndi manja, atavala mapatapata m'zikhatho. Malume ake ndiwo anamupatsa singano ndi ulusi, akuti ntchito imeneyi siifunsa miyendo. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti Wansapato.

Ankakhala kumunsi kwa tauni, kumene madzi onse oipa a kumtunda amakathera. Anthu a kumunsi sasoketsa nsapato. Ikang'ambika amaimanga ndi waya n'kumapita. Eni nsapato ali kumtunda, pa siteji ya mabasi, ndipo kumeneko n'kumene Wansapato anali ndi malo ake, pakhonde la sitolo ya mankhwala. Pakati pa nyumba yake ndi khondelo panali chitunda. Sichinali chachitali kwenikweni, koma chinali choimirira, moti ngakhale a miyendo iwiri ankafika pamwamba lilime lili kunja.

Njinga yake inali ya matayala atatu, yopalasa ndi manja. Amene anaimanga anali wokonza njinga wa m'tsinde mwa chitundacho, bambo wouma ngati nkhuni amene anthu ankamutcha Sipoko. Zopalasira zinali patsogolo pa chifuwa, ndipo tcheni inkatsika kuchokera pamenepo kukagwira tayala lakutsogolo. Tcheni imayenda pa mbale ziwiri za mano. Sipoko anaika yaing'ono kumtunda, kumanja, ndi yaikulu pansi, pa tayala. Motero manja ankazungulira kawiri kuti tayala lizungulire kamodzi. Pamsewu wathyathyathya njingayo inali yochititsa manyazi. Amayi osenza madzi ankaipitirira akucheza, ndipo ana anamupatsa mwini wake dzina lachiwiri, Ankhono. Koma ikafika pa chitunda inkakwera, bokosi la zida ndi thumba la nsapato zili kumbuyo, popanda dzanja la munthu wina aliyense.

Dzanja la wina ndilo Wansapato ankadana nalo kuposa miyendo yakeyo. Asanakhale ndi njinga anakankhidwapo mokwanira, pa wilibala ngakhalenso pa mpando wobwereka kuchipatala, ndipo okankha ankawadziwa bwino. Wokankha wolumala sayang'ana wolumalayo, amayang'ana anthu amene akumuona akukankha. Amalankhula pamwamba pa mutu wako ngati ndiwe thumba la makala. Wina amakupumira mowa wa dzulo m'khosi. Wina amapukuta mamina, n'kubwezera dzanja lomwelo paphewa pako. Akakufikitsa amaima pomwepo kudikira zikomo, ndipo zikomo mmodzi sakwana. Mawa lake wabwera ndi nsapato yoyasama, akuti paja ndife anthu amodzi. Tsiku limene Wansapato anakwera chitunda yekha pa njinga yake, analumbira kuti za uwilibala zathera pomwepo. Ndipo kwa zaka zambirimbiri sanagwidwepo kumsana.

Anakwatira mochedwa, mkazi wachete wochapira anthu zovala. Mkaziyo analibe vuto. Vuto linali mlongo wake wa mkaziyo, mwini sitolo ya penti ndi misomali, amenenso anali ndi galimoto yakale yonyamulira katundu. Mlamu ameneyu anali wopatsa, palibe angakane. Koma anali mtundu wa munthu woti akakupatsa mpando amafuna dera lonse lidziwe kuti unali chiimire.

Chaka china, mvula ikupita kokatha, Wansapato anagwidwa ndi chibayo n'kukagona kuchipatala. Mlamu wake anafika pakhomo ndi galimoto kudzaona mlongo wake, n'kupeza njinga ili pakhonde. Inali ya dzimbiri, mpando wake womangidwa ndi mphira za machubu akale.

"Mlongo wanga, ulibe manyazi?" anafunsa. "Mwamuna wako akuyenda pa chinthu ichi, anthu akudziwa kuti ndi mlamu wanga?"

"Achimwene, eni ake salola munthu kuigwira."

"Eni ake ali pabedi. Tandigwirira mbali iyo."

Mkaziyo anagwira. Anakula akumvera achimwene ake, ndipo sanadziwe poyambira kukana.

Mlamu uja sanapite nayo kwa Sipoko. Ankadziwa kuti Sipoko amafunsa mafunso, ndipo munthu wofuna kutamandidwa sakonda mafunso. Anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa sitolo yake, katswiri wa mageti ndi mafelemu a mawindo, amene chitunda ankangochionera m'basi. Anamuuza mawu ochepa chabe, kuti iziuluka. Wamagetiyo anachotsa mbale zonse ziwiri n'kuziponya pa mulu wa zitsulo zotha. Kumtunda anaikako chimbale chachikulu cha njinga ya mpikisano, pansi n'kuikapo kambale kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Kenako anaithira penti yofiira, n'kuikapo belu ndi kagalasi koonera kumbuyo. Kumsana kwa mpando mlamuyo analembetsa dzina la sitolo yake, zilembo zoyera zazikuluzikulu.

Tsiku lotuluka kuchipatala Wansapato anapeza abale atadzaza pakhomo, njinga itafundikidwa nsalu ngati maliro. Mlamu wake analankhula kaye nthawi yaitali za chikondi cha pachibale, kenako anakoka nsalu ija. Anthu anaomba m'manja. Wansapato sanayang'ane penti, maso ake anapita pa tcheni.

"Alamu, mbale zanga zili kuti?"

"Zinyalala zija? Tayesani kaye, alamu, musanayambe kudandaula. Mwazolowera mavuto inu."

Apa choonadi chiyenera kunenedwa monga chinalili, ngakhale sichimukomera Wansapato. Anakwera, ndipo anaikonda. Poyambira inali yolemera ngati ukusuntha mwala. Koma itangogudubuka, manja akazungulira kamodzi tayala linkazungulira katatu. Anatsata msewu wa m'mbali mwa ngalande, umene ulibe chitunda. Mphepo inamumenya kumaso, chinthu chimene anali asanachimvepo chibadwire ali pa mphamvu zake yekha. Anapitirira amayi osenza madzi. Anapitirira bambo wina wa njinga ya miyendo atanyamula nkhuku. Ana aja a Ankhono anamuthamangira n'kutsalira m'fumbi. Munthu wa imvi zake anaseka mpaka mano akumasaya kuonekera, ndipo podutsa pa chisakasa cha Sipoko analiza belu.

Sipoko anadzutsa mutu pa tayala limene ankawongola.

"Tabwererani, achikulire. Ndani wakuchitani chipongwe chotere?"

"Chipongwe chake chiti? Nsanje basi, poti sinadutse m'manja mwanu."

Sipoko anagwada, n'kuyendetsa chala pa mano a mbale yakumtunda, kenako pa a kambale kapansi. Anapukuta chalacho pa buluku.

"Mikono yanu ndi yomwe ija," anatero. "Mbale siziwonjezera mphamvu, zimangosinthanitsa. Mukafuna liwiro mupereka mphamvu, mukafuna mphamvu mupereka liwiro. Zonse ziwiri pakamodzi kulibe. Kale chitunda munkachidya moluma pang'onopang'ono, manja kawiri, tayala kamodzi. Lero mukufuna manja kamodzi, tayala katatu. Kulemera kumene munkakumva m'manja kwachuluka kasanu n'kamodzi. Pathyathyathya simungadziwe, poti palibe chokukanizani. Chitunda chidzakuuzani."

"Mikono iyi," anatero Wansapato akudzimenya paphewa, "inandinyamula ndilibe njinga, inu mukadali kuyamwa."

"Kuyamwa ndinasiya kale. Mukawafunse alamu anuwo kuti galimoto yawo ija, itadzaza simenti, pachitunda amaika giya yanji. Ngati amaika yothamangira, mudzandimete."

Wansapato analizanso belu n'kumapita.

M'mawa wobwerera kuntchito anamanga bokosi la zida kumbuyo, n'kuyambira patali kuti afike pa chitunda ali ndi liwiro. Chigawo choyamba anachikwera ngati mbalame. Kenako liwiro lija linayamba kutha, zopalasira n'kuyamba kuuma. Anakankha ndi chifuwa chonse. Tcheni inalira. Anakoka, anakankha, misempha ya m'khosi itatupa, mpaka anafika pakati, pamene pali malo ogulitsira nyama ndi ngalande yodutsa msewu. Pamenepo zopalasira zinaima ngati zawotchereredwa. Munthu wanzeru akanagwira buleki. Iye anasonkhanitsa mphamvu zonse n'kuzitsanulira pa mkono wamanja, ndipo m'phewa munamveka kuti thu, ngati ulusi ukamaduka pa chikopa chouma. Mkono unagwa. Njinga inayamba kubwerera chambuyo. Anagwira buleki ndi dzanja lamanzere, n'kukhala pomwepo, kumtunda osapita, kumunsi osabwerera.

Sipanatenge nthawi manja anafika. Woyamba anali wogulitsa nyama, mafuta ndi magazi zili m'zala. Wachiwiri anali chidakwa china chimene chinagona m'ngalandemo. Kenako mayi wina wonenepa amene ankapemphera mokweza, dzanja limodzi pa mpando, lina pamutu pa Wansapato.

"Kankhani, anthuni, ndi olumala awa."

"Ndisiyeni," anatero Wansapato. "Ingondiikirani mwala kutayala."

"Akuti chiyani?"

"Akuthokoza."

Wina woyenda pambali anawerenga zilembo za kumsana kwa mpando mokweza, n'kuuza mnzake kuti eni sitolo imeneyo ndi anthu a Mulungu, amakumbukira ovutika. Chidakwa chija chinkamupumira Wansapato m'khutu, chikumuuza kuti nachonso chili ndi m'bale wake wotere kumudzi. Atamufikitsa pakhonde anaima momuzinga, akupuma mokweza kuti aliyense aone kuti agwira ntchito. Wansapato anati zikomo. Iwo anamunenetsa zikomoyo kwa aliyense payekha.

Tsiku limenelo sanasoke kanthu. Mkono sunkadzuka. Anangokhala pamenepo akumva fungo la mafuta a nyama likuchokera kumsana kwake, ntchentche zikumutera pa shati. Madzulo anatsika ndi buleki, n'kukafika pakhomo, n'kuitana mkazi wake.

"Amayi, shati iyi mukaitaye."

"Yabwinobwinoyi, abambo? Ndichapa, mafuta amachoka."

"Ndati mukaitaye."

Mkaziyo anaona zikhatho zitadindika kumsana kwa shatiyo, ndipo anamvetsa. Anakumbukira tsiku limene anagwirira mbali ina ya njinga. Anatenthetsa madzi n'kuyamba kuthowa phewa.

Mlamu uja atamva anabwera ndi nthochi m'pepala. Anakhala pampando wa mwini nyumba, miyendo atatambasula.

"Vuto si njinga, alamu. Mwangofooka ndi chipatala. Muzidya."

"Mbale zanga zakale zili kuti?"

"Galimoto ya zitsulo zotha inatenga kalekale. Koma musade nkhawa, ndaganiza kale. Ndizikutumizirani wantchito wa kusitolo m'mawa uliwonse, azikukankhani pachitunda. Ndimusokeranso yunifomu."

"Ine ndizikankhidwa m'mawa uliwonse?"

"Nanga chavuta n'chiyani? Ena amalira kufuna wowakankha."

"Alamu, ndinakupemphani?"

Mlamuyo anatembenukira kwa mlongo wake. "Ukumva? Ndinakuuza kale ine, anthu otere mtima umakhala wowawa. Uwachitire chabwino, akuluma." Anadzuka, n'kutenganso nthochi zake.

Phewa linatupa, kenako linaphwa, koma mphamvu sinabwerere. Wantchito wa kusitolo anabwera m'mawa wina monga analonjezera mlamu, ndipo Wansapato anamubweza ali pakhomo. Anakhala panyumba milungu ingapo, njinga yofiira ili pakhonde ikunyezimira ngati chilonda. Kenako mwini sitolo ya mankhwala anatumiza uthenga kuti pali wokonza mafoni amene akufuna khonde lija, ndipo iye sangasunge malo a munthu wosaoneka.

Panatsala njira ziwiri, kukankhidwa kapena kupita kwa Sipoko. Zonse zinali zowawa, koma kwa Sipoko kunali kowawa kamodzi kokha. Anayamba ulendowo ndi mkono umodzi ndi theka, thukuta lili kamukamu pamsewu wopanda n'chitunda chomwe.

Sipoko anamuona akubwera, n'kupitiriza kupopa tayala mpaka njinga itaima.

"Belu lija lafa, achikulire? Sindinalimve."

"Nenani zonse zimene mukufuna kunena, mumalize, kenako mundibwezere mbale ngati zakale zija."

"Ndanena kale. Tadzutsani mkonowo."

Wansapato anaudzutsa. Unafika pachifuwa n'kuima.

"Zakale zija sizingakuthandizeninso," anatero Sipoko. "Zija zinali za munthu wa mapewa awiri. Inu tsopano mufunika manja katatu, tayala kamodzi."

"Mbale yaikulu chotero muipeza kuti?"

Sipoko anagogoda ndi sipanala chimbale chakumtunda chija. "Nayi. Alamu anu anagula mbale zabwino, chitsulo chenicheni. Anangoziika chadodolido. Yaikuluyi itsike pa tayala, kakang'onoka kakwere kumanja. Koma ndikuuzirenitu, pathyathyathya muzipitiriridwa ndi bakha."

"Pachitunda?"

"Pachitunda mukwera, bola musachite manyazi."

Ntchitoyo inatenga tsiku lonse, chifukwa mbale ya kumanja siipangidwa kuti ikhale pa tayala. Sipoko anaboola mabowo, n'kuimanga ndi mabawuti pa chitsulo cha pakati pa tayalalo. Anasema kambale kaja mpaka kanalowa pa zopalasira, n'kuwongola tcheni kuti iziyenda mzere umodzi. Wansapato anakhala pa tayala lakale la galimoto akuonerera. Dzuwa litapendeka anapempha mpeni, n'kukwawira kuseri kwa mpando, n'kuyamba kupala zilembo zoyera zija ndi dzanja lamanzere. Penti yake inali yabwino, inakana kuchoka msanga.

M'mawa mwake ananyamuka anthu akutsegula kumene zitseko. Sipoko sananame. Manja ankazungulira ngati a munthu wopukusa makina osokera, koma njinga inkayenda ngati ikuperekeza maliro. Gogo wina wa ndodo anamupitirira n'kumupatsa moni. Ana aja anangoima m'mbali mwa msewu, chifukwa ngakhale dzina la Ankhono linali litachepa.

Atafika pa chitunda zopalasira zinalemera, koma pang'ono chabe. Zinapitiriza kuzungulira. Phewa linkabaya nthawi iliyonse mkono ukakwera, ndipo iye ankaluma mano n'kusiyira mkono wamanzere ntchito yaikulu. Tayala linkasuntha dzino ndi dzino. Anthu ankamupitirira mbali zonse, ena akucheuka. Pa malo ogulitsira nyama paja, mwini wake anatuluka akupukuta mpeni pa epuloni.

"Abale, mwabweranso? Dikirani ndisiye mpeniwu."

"Khalani pomwepo."

"Koma mukuvutikatu."

"Ndaima?"

Wanyamayo anayang'ana tayala. Linkayenda. Anaima pomwepo manja ali lendelende, ngati walandidwa kanthu, kenako anabwerera ku nyama yake akung'ung'udza kuti masiku ano ngakhale olumala ayamba matama.

Wansapato anafika pamwamba dzuwa litakwera kale, shati itanyowa ndi thukuta lake yekha. Pakhonde anapeza wamafoni atayala kale tebulo lake mbali ya mthunzi. Kunatsala mbali ya dzuwa, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Anatsitsa bokosi lake pamenepo n'kutulutsa singano.

Mpaka lero ali pomwepo. Amanyamuka m'mamawa kuposa kale ndipo amafika mochedwa kuposa kale. Phewa lamanja silinabwerere, moti ulusi amaukoka ndi mano, ndipo milomo yake imakhala yakuda ndi phula. Mlamu wake sapondanso pakhomopo. Pa maukwati ndi pa maliro amauza anthu kuti anamupatsa munthu njinga ya liwiro, iye n'kuisandutsa chigayo, n'kufufuta ngakhale dzina la womuthandiza. Anthu amapukusa mitu, n'kumumvera chisoni mlamuyo.